Mkanda wa Mipata

Joni, 12 Malichi 2023

Okondedwa amake Luisa,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wanu, wa ana athu Luisa ndi Limbani, ndi wa amai kumeneko ku Nyalugwe. Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa chija chimabwera n'kupita mmene chafunira. Kalatayi ndapatsira a Titus, oyendetsa lole ya ku Chipata, ndipo aisiya pagolosale yoyandikana ndi amai ogulitsa nthochi pa Nyimba. Za pafoni ndatopa nazo. Inu mwakwera pachulu kusaka netiweki, ana akuzingani, mudzi wonse watchera khutu, ndiye mwamuna anganene chiyani choposa muli bwanji?

Ennie, tsache ndalisiya. Zaka ziwiri ndakhala ndikusesa m'nyumba muno mopangira zovala m'khosi ndi m'makutu, koma lelo ndili ndi mpando wanga. Tsiku lina ndikusesa ndinaona mkanda utayalidwa patebulo, ndiye pakamwa panga panandithawa, ndinati apa pafupika. Amai Goodness, a ku Zimbabwe, amene amayang'anira ntchito, anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Atayesa anapeza kuti panaperewera kamphete kamodzi ka unyolo. Mmawa mwake anandiuza kuti ndisambe m'manja kawiri ndikhale pansi.

Ngale ndinkangozimva pa ulaliki. Tsopano ndazigwira, ndipo sindikudziwa kuti ndikufotokozereni bwanji. Kukula kwake ngati nzama. Ukaitola imazizira, kenaka imafunda m'dzanja ngati chamoyo. Ndi yoyera, koma ukaitembenuza pawindo mkati mwake mumatuluka kufiirira, pena kubiriwira, ndipo nkhope yako umaiona ili kutali mkatimo. Akuti imabadwira m'nkhono ya zigoba ziwiri, yofanana ndi zija ana amatola ku Luangwa. Kanthu kakailowa n'kumailasa, nkhonoyo imakakuta pang'onopang'ono kwa zaka, mpaka chilonda chisanduke chimenechi. Ndipo pali anthu amazilima m'madzi monga ife tilimira nshawa! Tsiku loyamba ndinaiwala kudya.

Nshawa za kumunda wa kudambo musafulumire kukumba. Limbani asaleke sukulu chifukwa cha mbuzi. Za Isitala musandiyembekezere, pali zina zimene sizinalongosoke.

Ndine wanu,
Eustace


Joni, 7 Meyi 2023

Amake Luisa,

Ndakondwa kumva kuti nonse muli moyo ndiponso kuti mwendo wa amai waphwa. Ine ndili bwino. Kuzizira kwayamba, ndipo mumsewu mwathu munali phokoso sabata yatha, koma ine ndinali m'nyumba. Musamvere zonse za pawailesi.

Mwafunsa kuti ntchito yake ndi yotani yomwe yandiiwalitsa kwathu. Sindinaiwale, koma imvani. Unyolo wasiliva umabwera wokulunga ngati ulusi wa telala, wopyapyala moti ukagwa pansi uyenera kugwada kuti uupeze. Ndimaudula tizidutswa tofanana, ndipo sindikhulupirira rula yokha, ndimawerenga timphete. Ndikatero ndimalowetsa kawaya pabowo la ngale, n'kupinda mbali iyi ndi kapulayala ka milomo yozungulira kuti pakhale kadiso, n'kukolowekamo unyolo, n'kukulunga kawayako kawiri, n'kudula. Mbali inayo chimodzimodzi. Ngale, mpata, ngale, mpata, mpaka mkanda uthe. Yaikulu imakhala pakati kuti igwere pakadzenje ka pakhosi.

Mukukumbukira chingwe chathu chobzalira chimanga, chija tinafinyirapo zitsekero za mabotolo? Ndi nzeru yomweyo. Amai Goodness amati ukazithinanitsa maso amaona mulu, koma ukaika mpata iliyonse imaoneka payokha. Ndinawauza kuti ngakhale chimanga chothinana sichibereka, ndipo anaseka koyamba chiyambire kuwadziwa. Ndi aukali, Ennie. Mkanda wanga woyamba anaumasula katatu. Kachinayi anaunyamula m'mwamba pawindo, unyolo n'kusowa m'kuwala, ngale n'kutsala zitaima zokha m'malere ngati palibe chazigwira. Ndinachita mantha kuti manja anga ano, ogwira khasu ndi tsache, ndiwo apanga chimenecho. Amai Goodness anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, kwawonso ati mwambi wonga umenewu ulipo.

Zimene mwalemba za amalume anu a Daka ndazimva. Akuti zaka zinayi mkamwini osaoneka, ndiye ukwati uli pati? Sindiwatsutsa, ndi akulu ndipo mudzi ndi wawo. Muwauze kuti sindinatayike. Ndatumiza bulangete la amai ndi nsapato za Luisa. Ngati zamuthina apatse mwana wa achemwali anu, musazisunge.

Chimanga muthire mankhwala musanaike m'matumba. Chaka chatha munachedwa.

Wanu,
Eustace


Joni, 30 Julayi 2023

Okondedwa Ennie,

Moni nonse. Ndikhulupirira mphepo ya Julayi sinakugwetseni. Ine maso ndiwo amachita misozi madzulo, koma akuti ndi mmene zimakhalira ukamazolowera.

M'kabokosi kali m'sokosi yakuda muli chinthu chanu. Mutsegule muli nokha.

Ngale zikabwera timaziyala pansalu yoyera mmawa, dzuwa lisanakwere, n'kupatula zabwino. Zina zimakhala ndi kachipsera, zina zatalikira mbali imodzi ngati dzira la njiwa, ndipo zimenezo zimaponyedwa m'kambale kapadera. Mwini ntchito ataona kuti ndimangoyang'ana m'kambalemo anandilola kusankhamo zisanu ndi ziwiri, ndi zotsalira za unyolo. Milungu itatu ndakhala ndikupanga nthawi ya chakudya chamasana. Mbali yachipsera ya iliyonse ndaitembenuzira pabowo kuti waya aibise. Mikanda yonse imene ndapanga muno imapita m'makosi a anthu amene sindidzawaona. Uwu wokha ndimadziwa khosi lake, ndipo popinda waya ndinkakumbukira tsiku lija ndinabwera kudzakufunsirani.

Tsono mvetsani malamulo ake, poti ngale ndi yosachedwa kukhumudwa. Musasambe nayo. Mafuta ndi perefyumu muyambe mwadzola, ziume, kenaka muvale. Mukavula mupukute ndi kansalu kofewa, ndipo musaiike pamodzi ndi zolimba monga mikanda yagalasi, zimaikanda. Komanso musaitsekere m'sutikesi mpaka Khisimisi monga muchitira ndi zitenje zatsopano. Amai Goodness akuti ngale yosavalidwa imafa, kuwala kumazima, imafuna thupi la munthu. Wina akati ndi pulasitiki, muikhudzitse pang'ono kudzino, mudzamva ngati kamchenga. Yabodza imaterera.

Muvale Lamulungu, mukhale kutsogolo kwa kwaya, ndipo mundilembere zimene anena amai a Chigwirizano. Ndikufuna kumva zonse, ngakhale za ansanje.

Denga la khitchini muuze Limbani ayambe kumweta udzu usanapse.

Amene amakukondani,
Eustace


Joni, 10 Seputembala 2023

Amake Luisa,

Moyo wanu ndaumva kwa a Titus, poti inu simunalembe. Ine ndili moyo, koma bwino ayi.

A Titus anafika akuyang'ana pansi. Nditawakakamiza anandiuza zimene zikukambidwa pa Nyimba, kuti mkanda uli kwa amalume anu, ndipo mudzi wonse waugwira ndi manja a thukuta. Akuti azakhali anu anauyala pamphasa n'kunena kuti chibadwire sanaone mwamuna wa mtima umodzi akupatsa mkazi wake mkanda wamagweru. Mkanda wa mkazi umadzaza, mbewu kugundana ndi inzake. Uwu ndiye kuti unali wodzaza, ngale zina ndinachotsa kupatsa mkazi wa ku Joni, inu n'kukutumizirani makombo. Ndipo akuti makalata anga anawerengedwa pabwalo, a Daka akuwerenga ndi zala kuti dzina la amai Goodness latuluka kangati, n'kumaliza ndi mawu akuti mapanga awiri avumbwitsa.

Ndinaseka, kenaka ndinakwiya, ndipo mpaka lelo ndikadali wokwiya. Amai Goodness ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndipo amuna awo ndi abusa amene amabwera kudzawatenga ndi ambulera ngakhale kulibe mvula. Kulakwa kwanga n'kwakuti sindinalembe zimenezi. Ndinkaona ngati ndikukamba za ntchito.

Mipata ija si magweru, Ennie. Mpata uliwonse uli ndi timphete makumi awiri ndi tinayi, ndinawerenga ndekha maso akuwotcha. Awerenge azakhali ngati maso awo angathe. Kudzaza mkanda n'kosavuta, ngakhale Luisa angathe. Chovuta ndi mpata, ndipo ine ndinakupatsani chovutacho chifukwa ndicho chabwino koposa chimene manja anga akudziwa.

Koma azakhali ndi azakhali, alankhule. Chimene chikundidya n'chakuti kabokosi ndinati mutsegule muli nokha. Kanafika bwanji pamphasa? Anachita kukulandani, kapena munapereka nokha chifukwa nanunso munaona magweru? Ndiyankheni chimenechi chokha.

Feteleza ndalankhula ndi a Titus, adzatsitsa matumba awiri pa Nyimba mwezi wamawa.

Eustace


Joni, 22 Okutobala 2023

Okondedwa amake Luisa,

Moni kwa inu ndi ana. Kalata yanu sinabwerebe. Ndinaimba kawiri, anayankha Limbani n'kuti muli kudimba.

Akulu anga a Benson, ankhoswe athu, andiuza kuti a Daka awaitana. Akuti ndikapanda kuoneka pofika Khisimisi, akhala pansi n'kumasula ukwati, inu mukhale mfulu. Ndiye lekani ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira zaka zonsezi.

Mapepala anga anatha kalekale, chaka choyamba chomwe. Ndinachita manyazi kukuuzani, poti pochoka ndinalonjeza zambiri. Kuno ndimayenda ngati mbewa, ndikaona galimoto ya apolisi ndimalowa m'sitolo n'kumafunsa mitengo ya zinthu zimene sindigula. Phokoso lija la mwezi wa Meyi sindinali m'nyumba ayi, ndinabisala m'chimbudzi cha eni nyumba kuyambira mmawa mpaka madzulo, anzanga awiri apolisi anawatenga. Kutuluka m'dziko muno ndingatuluke, koma pachipata adzandidinda chidindo chondiletsa kubweranso kwa zaka. Ndikabwera kumudzi, mpando uja ndausiya mpaka kalekale. Ku Petauke ndani adzandipatsa ngale?

Mkazi amene mukupikisana naye ndi ntchito imeneyi, ndipo sindikana, ndimamukonda. Dzana kunabwera ngale zakuda, zochokera kunyanja ya kutali. Zakuda, Ennie, koma mkati mwake muli mtundu wa khosi la nkhunda. Ndinazigwira n'kuganiza kuti Mulungu anabisa zinthu zotere pansi pa madzi, mumdima, mopanda womuyamika, zaka zosawerengeka. Ine mwana wa ku Nyalugwe, amene nyanja yamchere sindinaionepo, ndine ndikuzipatsa malo pa unyolo. Moyo wanga wonse sindinakhalepo katswiri pa kanthu. Pano pokha.

Sindikudziwa chochita. Ndikanama ndikati ndikudziwa.

Mvula yoyamba isakunyengeni, dikirani yachiwiri musanabzale.

Eustace


Joni, 19 Novembala 2023

Ennie,

Ndili moyo. Kaphukusi kanu kafika Lachinayi.

A Titus anandipatsira kuntchito. Ndinaona sokosi yakuda yomwe ija. Ndinati basi, wabweza, ukwati watha. Ndinakhala nako m'thumba mpaka masana, ndipo ngale ziwiri ndinazipinda molakwika. Anthu atatuluka kukadya ndinatsegula patebulo langa.

Mipata yonse mwaitseka. Timikanda tating'ono tofiira, toyera ndi takuda, totunga pa ulusi, tomangidwa motsatira unyolo kuchokera pa ngale iyi kufika pa inzake. Ndinangoona kamodzi n'kudziwa. Mikanda imeneyi palibe mwamuna wina padziko amene angaizindikire. Ndi ija anakuvekani alangizi m'chiuno sabata ya ukwati wathu. Ndinavula chipewa n'kuvindikira msanga ngati mwalowa muno muli chivulire.

Kapepala kanu ndakawerenga mpaka kayamba kung'ambika popinda. Mwati: "Sanandilande, ninapeleka neka, cifukwa nenze na mantha. Manje nautenga. Ine vinthu va mipata nalema navo. Nadula yanga kuti nitsekemo. Yasala m'ciuno ni ing'ono."

Amai Goodness anandipeza ndili choncho. Ndinawauza kuti ichi sichoona anthu, koma iwo anati ndine mkazi, ndipo ndine wamkulu, chotsa chipewacho. Anatenga kagalasi kokuza zinthu n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandipatsa kuti ndione ndekha. Ngale zakandika, Ennie, zonse zisanu ndi ziwiri, pamene galasi lakhala likuzikhula, ndipo zimenezo sizipola. Ndikanakhala wa miyezi iwiri yapitayo ndikanalira ngalezo. Koma ine ndinali kuona mfundo zanu. Mpata uliwonse timikanda khumi ndi tisanu ndi tinayi, osaposa, osaperewera, mitundu ikutsatana mosaphonya, ndipo mfundo iliyonse mwaibisa kuseri kwa waya wanga moti popanda galasi sioneka. Munachita bwanji zimenezi ndi singano yosokera zigamba, mutabisala kuti ana asaone? Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala nanu, ndipo sindinadziwe kuti muli ndi manja otere.

Amai Goodness anati, "Amene wamanga izi akuposa iwe." Ndinavomera. Anafunsa tanthauzo lake, ndipo nditawauza ananena kuti mkazi akafika podula ya m'chiuno ndiye kuti mawu amuthera.

Usiku wa tsiku limenelo ndinagona tulo koyamba chichokere Seputembala.

Wanu,
Eustace


Joni, 3 Disembala 2023

Okondedwa amake Luisa,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa amai. Ine ndili bwino, ndipo nthawi ino ndikunena zoona.

Kalata iyi ibwera ndi mnzawo wa a Titus amene akunyamuka mawa. Ine ndinyamuka ndi a Titus eni ake pa 14, ndipo Mulungu akalola pa 18 tidzakhala tafika pa Nyimba. Muuze a Benson apite kwa a Daka akanene kuti mkamwini akubwera, mlandu audikire mwini wake. Ndidzakhala pansi, ndidzamva zonse, ndipo azakhali sindidzawayankha. Pa zaka zinayi zija akunena zoona.

Lachisanu ndinatsanzika kuntchito. Ndinapukuta tebulo, ndinabweza kagalasi, ndipo ndinapempha kuti andionetsenso ngale zakuda zija kamodzi. Sindibisa, ndinalira, mwamuna wamkulu, pamaso pa atsikana a mu ofesi. Kapulayala amai Goodness anakana kulandira, ati kazolowera dzanja langa. Chidindo cha pachipata adinde. Ndidzalima, ndipo mwina pa Petauke alipo amene unyolo wake unaduka.

Katundu ndilibe wambiri, musatume ngolo. Ndiponso musabwere ndi mudzi wonse kudzandichingamira. Bwerani nokha, tidzayende pang'onopang'ono, pali zambiri zimene sizilembeka.

Tsono za mkanda. Mmene mwaupangiramu sungavalidwenso m'khosi, anthu angaone zosayenera kuona. Ndachotsa kangowe kotsekera, ndipo ntchito yanga yomaliza patebulo lija inali kulumikiza unyolo wina wautali kuti ufike pamene mikanda yanuyo inachokera. Amai Goodness anandifunsa muyeso kuti adule. Ine amene ndimaona kamphete kamodzi kakaperewera ndili kutsidya kwa chipinda, chiuno cha mkazi wanga sindikuchidziwanso.

Ndiye ndawauza asadule. Ndikubwera nawo wautali choncho, ndidzayesa ndekha.

Kalata iyi yokha musapereke kwa amalume.

Ndine mwamuna wanu,
Eustace